Keke ya chikondwerero cha kunyanja: zoyenera kudziwa musanapereke oda

Makokola ndi dera la m'mbali mwa nyanja ya Malawi m'boma la Mangochi, pafupifupi makilomita 25 kuchokera pa boma mukamalowera ku Monkey Bay. Kumeneko ndi komwe kuli Makokola Retreat, yomwe ambiri amaitchulabe Club Makokola, ndipo Sunbird Nkopola Lodge ili chapafupi pomwepo. M'mbali mwa msewu womwewo muli malo ogona alendo ang'onoang'ono komanso makoteji ambirimbiri a makampani ndi a anthu wamba. Anthu a ku Blantyre, Zomba ndi Lilongwe akafuna kuchita ukwati, chinkhoswe, phwando la tsiku lobadwa kapena lotsanzikana ndi mnzawo wopuma pa ntchito, ambiri maso awo amakhala kumeneko.

Mwa katundu yense amene amanyamulidwa pa ulendo wotere, keke ndiyo sichedwa kuonongeka. Nyama imasungika mu cooler box, zakumwa zimagulidwa pa Mangochi pomwepo, suti ikakwinyika imasitidwa. Koma keke ikasungunuka panjira, kapena dzina la mwini phwando likalembedwa molakwika, kulibe kothawira, pakuti amene adaipanga ali pa mtunda woposa makilomita 200. Ambiri posankha keke amayambira pa chithunzi chokongola chimene aona pa foni. Kwa wopita kunyanja, poyambira pabwino ndi msewu ndi kutentha. Chithunzi chibwere pambuyo.

Kogula

Magwero a keke yolembedwa dzina alipo atatu, ndipo lililonse lili ndi ubwino ndi zovuta zake.

Loyamba ndi bekale ya m'sitolo yaikulu. Ku America, masitolo ogulitsa katundu wochuluka nthawi imodzi monga Costco ali ndi kachitidwe kodziwika bwino: wogula amadzaza fomu pa bekale, amasankha chokongoletsera chimodzi mwa zochepa zimene zilipo, amalemba mawu amene akufuna, kenaka amadzatenga keke pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Kuno kwathu ofananako nawo ndi masitolo monga Chipiku Plus ndi Sana, komanso aja amene kwa zaka zambiri adadziwika ndi dzina la Shoprite, kampani ya ku South Africa yomwe mu 2025 idalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake a m'dziko muno. Si nthambi iliyonse imene ili ndi wokongoletsa makeke, choncho funsani pa nthambi yeniyeni imene mukufuna kukatengapo keke. Ubwino wa sitolo ndi woti mtengo umadziwika, lisiti limaperekedwa ndipo keke imasungidwa m'firiji kufikira mutaitenga. Kuipa kwake n'koti maonekedwe osankha ndi ochepa, ndiponso amene amalandira oda kawirikawiri si amene amalemba mawu pa keke. Uthenga ukadutsa m'manja awiri kapena atatu, zilembo zimatayika panjira.

Lachiwiri ndi ophika pawokha, omwe ambiri amagwirira ntchito kunyumba ndipo amatsatsa malonda awo pa Facebook ndi pa WhatsApp. Awa mumalankhula nawo mwachindunji ndipo amapanga chimene mwapempha. Luso lawo limasiyana kwambiri, ndipo chithunzi chimene munthu waika pa intaneti si umboni wakuti keke imeneyo adapanga ndi iye. Pemphani kuona keke imene wapanga sabata yomweyo. Ophika otere aliponso pa Mangochi, ndipo kwa phwando la ku Makokola ayenera kuganiziridwa koyamba, chifukwa ulendo wa keke umatsika kuchoka pa maola anayi kufika pa theka la ola. Iwo amadziwanso kale zimene dzuwa la kwawoko limachita.

Lachitatu ndi khitchini ya hotela kapena loji imene mukachitireko phwando. Keke yophikidwa pomwepo siyenda ulendo uliwonse. Ngakhale mutasankha kubwera ndi yanu, safunsa adadya phula: funsani msanga ngati malowo amalola chakudya chochokera kunja, ngati amalipiritsa podula ndi kugawa keke, komanso ngati m'firiji mwawo mungalowe bokosi la msinkhu wa keke yanu. Yankho likhale lolembedwa.

Chopaka pamwamba ndi dzuwa la Mangochi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mangochi ndi amodzi mwa maboma otentha kwambiri m'dziko muno. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa masana kumafika madigiri 35, nthawi zina kupitirira. Batala amasungunuka pakati pa madigiri 32 ndi 35. Manambala awiriwa akaikidwa pamodzi, aliyense atha kuona chimene chingachitikire keke yopakidwa batala ikakhala pa tebulo la pamchenga nthawi ya nkhomaliro. Walira mvula walira matope: wofuna zithunzi za m'mbali mwa nyanja wavomerezanso dzuwa lake.

Chosalimba kuposa zonse ndi kirimu wa mkaka, uja wopepuka wofewa amene amapakidwa pa keke monga Black Forest. Ameneyu amafuna firiji nthawi zonse, pa madigiri 5 kapena kutsikirapo. Akakhala panja amagwa, koma choopsa kwambiri si maonekedwe ayi. Tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba timaswana msanga m'zakudya za mkaka ndi mazira. Lamulo limene akatswiri a ukhondo wa zakudya amaphunzitsa ndi loti chakudya chotere chisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Ulendo wochokera ku Blantyre umadya kale nthawi yonseyo keke isanafike n'komwe pa Liwonde. Keke ya kirimu wa mkaka, ya custard kapena ya cream cheese isanyamulidwe kuchokera mumzinda pokhapokha pali njira yoisunga yozizira ulendo wonse. Amene amaikonda kwambiri aipangitse kunyanja konko.

Buttercream, yemwe ndi batala wosakaniza ndi shuga wosalala uja wa icing, saonongeka msanga ngati kirimu wa mkaka chifukwa shuga wambiri amateteza. Vuto lake ndi kufewa. Maluwa opangidwa ndi iye amayamba kugwa, zilembo zimatsetsereka, ndipo ngati keke ili ndi zigawo, chapamwamba chimaterereka pa chinzake. Mabekale ambiri amagwiritsa ntchito majarini kapena mafuta olimba ophikira makeke m'malo mwa batala weniweni. Kukoma kwake kumachepako, komabe pa nkhani ya kutentha ameneyu ndiye amapirira. Pano chotsika mtengo chimaposa chodula. Funsani wophika chimene amagwiritsa ntchito, ndipo mumuuze mosabisa kuti keke ikupita ku Mangochi.

Fondant ndi chija chosalala ngati nsalu chimene chimakuta makeke ambiri a ukwati. Dzuwa sichiliopa kwambiri, koma chimadana ndi chinyezi. Keke yokutidwa ndi fondant ikatulutsidwa m'firiji n'kuikidwa pamphepo yofunda ya kunyanja, imachita thukuta, imanata, ndipo mitundu yakuda kapena yofiira imayenderera pa zoyera. Izi zimakula m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Mankhwala ake ndi kuisiya m'bokosi lotseka kwa ola limodzi kapena awiri m'chipinda chozizirirako, kuti thukutalo ligwere pa bokosi osati pa keke. Kumbukiraninso kuti pansi pa fondant pamakhala buttercream, ndipo iyeyo akasungunuka, chokutacho chimatupa ndi kukwinyika.

Cholimba kuposa zonse ndi keke yachikale ya zipatso zouma, yokutidwa ndi royal icing, yemwe amapangidwa ndi zoyera za mazira ndi shuga ndipo amauma gwa. Dzina lakuti royal amati lidafala pambuyo pa ukwati wa Mfumukazi Victoria ya ku Britain mu 1840, pomwe keke yake idakutidwa ndi icing woyera wotere. Mfumukazi yake ndi yomweyo imene nsanja ya wotchi ya pa Mangochi, pafupi ndi mlatho wa pa Shire, idamangidwira chikumbutso. Keke ya zipatso imakhala masabata osaonongeka, sifuna firiji, ndipo imadulika tizidutswa ting'onoting'ono osanyenyeka. Achinyamata ena amaiona ngati ya makolo, koma pa msewu wautali palibe yoiposa.

Mwezi wa phwando umasintha zambiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kunyanja kumazizirako ndipo buttercream amalimba bwino. Imeneyo ndi nyengo ya mwera, mphepo imene imazimitsa makandulo ndi kuulutsira mchenga pa tebulo, choncho keke ikhale yovundikira kufikira nthawi yodula.

Kukula kwake

Funso la wophika likhala lakuti anthu ndi angati. Keke yozungulira ya masentimita 20 m'mimba mwake imakwanira anthu pafupifupi 20, ya masentimita 25 anthu pafupifupi 30, ndipo ya masentimita 30 anthu 40 kapena kuposerapo, malingana ndi dzanja la wodula. Maso amanyenga pa nkhaniyi: keke ya masentimita 30 imaoneka ngati yangokulako pang'ono, pomwe kwenikweni ndi yoposa kawiri ya masentimita 20. Keke yamakona anayi ndiyo yosavuta kuwerengera. Ya masentimita 30 m'lifupi ndi 40 m'litali, mukaidula zidutswa za masentimita 5 mbali zonse, imatulutsa zidutswa 48. Ndiyonso imayenda bwino pamsewu chifukwa ndi yaifupi, ndipo ili ndi malo okwanira kulembapo mawu.

Pa ukwati mawerengedwe ndi ena. Mwambo wathu umafuna kuti akwati adyetsane keke, akapereke ina kwa makolo a mbali zonse ziwiri atagwada, ndipo yotsalayo imadulidwa tizidutswa togulitsa nthawi ya perekaniperekani. Komiti iuze wophika zonsezi, chifukwa makeke a makolo ndi apadera ndipo amafuna mabokosi awoawo. Amene akufuna keke yaitali ya nsanjika zingapo kaamba ka zithunzi atha kupempha kuti nsanjika zina zikhale zongoyerekeza, zokutidwa bwino koma mkati mulibe keke, pomwe yodya yeniyeni ikudikira m'khitchini. Palibe mlendo amene amadandaula nazo, ndipo dzuwa silizikhudza.

Mawu olemba pa keke

Musatchule dzina pa foni n'kuganiza kuti zatha. M'Chichewa zilembo za l ndi r zimasinthanasinthana, kotero kuti wina amalemba Tadala pomwe mwini wake amalemba Tadara. Chilembo cha h chimasowa kawirikawiri: Thokozani amasanduka Tokozani, Mphatso amasanduka Mpatso. Maina a Chisilamu, omwe ndi ofala ku Mangochi, ali ndi kalembedwe kosiyanasiyana. Pali Aisha ndi Ayisha, pali Yusuf ndi Yusufu, ndipo aliyense amadziwa lake. Palinso kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ, komwe mabanja ena amakasunga m'maina awo pomwe ena adakasiya. Njira yake ndi imodzi: lembani mawu onse ndi zilembo zazikulu pa fomu kapena mu uthenga wa pa foni, ndipo wolandira oda akuwerengereni chilembo chimodzichimodzi.

Pa fomu, mawu opita pa keke akhale paokha, malangizo akhalenso paokha. Nkhani za makeke amene adatuluka atalembedwa malangizo omwe, monga akuti dzinali likhale pansi, zimaseketsa zikachitikira wina.

Ulemu nawo uganiziridwe. Keke ya munthu wamkulu yolembedwa dzina lake loyamba lokha imatha kukhumudwitsa pa maso pa adzukulu ndi apongozi. Banja ligwirizane ngati palembedwe Agogo, Amayi, Bambo kapena dzina la mfunda monga Anaphiri kapena Anabanda. Zaka za munthu musalembe musanamufunse mwini wake kapena womudziwa bwino. Mawu akhale ochepa, chifukwa uthenga wautali umakakamiza wolemba kupanga zilembo zing'onozing'ono zomwe zimayamba kufufutika kutentha kukangoyamba. Chithunzi chodyedwa, chija amasindikiza pa pepala la shuga, chimafuna chithunzi choyambirira chooneka bwino, osati chimene chadutsa m'magulu angapo a WhatsApp. Nacho chimaopa chinyezi, ndipo ndi bwino kuti chiikidwe pa keke mochedwa momwe kungathekere.

Zimene zili mkati

Anthu ambiri a m'boma la Mangochi ndi Asilamu, ndipo pa phwando la ku Makokola n'zosakayikitsa kuti ena mwa alendo, ogwira ntchito kapena akuchikwati adzakhala a chipembedzo chimenechi. Keke ya zipatso nthawi zambiri imanyowetsedwa ndi brandy kapena mowa wina kuti isungike. Zonunkhiritsa zina za vanila zimakhala ndi mowa, ndipo gelatine, yemwe amalimbitsa kirimu ndi zokongoletsera zina, amatha kuchokera ku nkhumba. Wophika atha kugwiritsa ntchito madzi a zipatso kapena tiyi m'malo mwa mowa, kungoti keke yotero sikhalitsa ngati inzake ija. Bungwe la Muslim Association of Malawi lili ndi nthambi yoona za halaal imene imapereka ziphaso, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa ngati bekale ili nacho. Akhristu a mipingo ina nawonso safuna mowa m'chakudya ngakhale pang'ono.

Pali anthu ena amene thupi lawo limadana ndi mtedza, mazira, mkaka kapena tirigu, ndipo kwa ena mtedza pang'ono chabe umatha kutseka kupuma. M'bekale yaikulu ziwiya zimagwira ntchito zambiri, motero ngakhale keke yopanda mtedza itha kukhudzana nawo. Ngati pali mwana wa vuto lotere, mukonzereni chake padera.

Nthawi ndi malipiro

Keke wamba yolembedwa dzina imafuna masiku awiri kapena atatu. Ya ukwati imafuna masabata angapo, ndipo ya zipatso imakoma ikaphikidwa mwezi wathunthu tsikulo lisanafike. Masiku ena ophika amapanikizika kwambiri: Khirisimasi, Pasaka, Eid, komanso Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, lomwe kunyanja kumadzaza anthu ndipo limagwa pakatikati pa nyengo yotentha.

Mitengo sikhazikika. Tirigu wambiri amene timadya amachokera kunja, chimodzimodzi zokongoletsera zambiri, choncho kwacha ikagwa, monga idachitira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, keke imakwera nthawi yomweyo. Mukapereka oda miyezi isanakwane, gwirizanani ngati mtengo umene mwauzidwa ndi womaliza. Ophika ambiri amafuna ndalama ina ya chikole asanayambe ntchito. Kulipira kudzera pa Airtel Money, TNM Mpamba kapena kubanki kumasiya umboni, koma umboni wa ndalama si umboni wa zimene mudagwirizana. Pakhale uthenga umodzi wotchula kukula kwa keke, mtundu wake, chopaka pamwamba, mawu, tsiku ndi ola lotengera, mtengo wonse ndi ndalama yotsala. Zinthu zikalakwika ndipo wogulitsa akukana kukonza, madandaulo a ogula amapita ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, ndipo kumeneko adzafuna kuona zolembedwazo.

Potenga keke, tsekulani bokosi muli pomwepo. Werengani dzina mokweza, onani mitundu, jambulani chithunzi. Chilembo cholakwika chimakonzeka m'mphindi zochepa wokongoletsa akadali pafupi. Pachifukwa chimenechi ndi bwino kutenga keke madzulo a tsiku loti mawa lake mukunyamuka, igone m'firiji usiku wonse kuti ilimbe.

Pamsewu

Ochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba ndi Liwonde, kenaka makilomita pafupifupi 75 kudutsa pa Ulongwe mpaka pa Mangochi. Kutentha kumayamba kumveka mukangotsika mapiri a Machinga kulowa m'chigwa cha Shire. Ochokera ku Lilongwe ambiri amadzera ku Dedza n'kutsika phiri la Khwekhwelele kukafika pa Golomoti, msewu wokhotakhota womwe umapendeketsa chilichonse chosamangidwa. Njira zonse ziwiri zimatenga maola atatu kapena anayi, ndipo pa malo ochitira malonda pali mahampu amene dalaivala wonyamula keke ayenera kuwakwera ngati wanyamula mazira.

Keke isakhale pamiyendo pa munthu, chifukwa miyendo imafunda ndipo imagwedezeka. Isakhalenso pampando, chifukwa mipando ya galimoto ndi yopendekera kumbuyo. Malo ake ndi pansi posalala, pomwe mpweya wozizira wa m'galimoto umafika, ndipo pansi pa bokosi payalidwe thaulo lonyowa pang'ono kapena kamphasa ka labala kuti lisaterereke. Buti yotsekeka ya galimoto yaing'ono imatentha ngati uvuni. Galimoto yoimikidwa padzuwa mawindo ali otseka imatha kupitirira madigiri 50 mkati, motero kuima pa Liwonde kudya nkhomaliro keke ili m'galimoto n'kokwanira kuiononga. Nyamukani m'bandakucha kuti dzuwa likamakwera mukhale mutafika. Ngati keke ikulowa mu cooler box, ikani mabotolo a madzi oundana m'mbali mwake, okulungidwa m'nsalu kuti madzi asanyowetse bokosi. Keke ya nsanjika inyamulidwe nsanjika iliyonse m'bokosi lake, ikalumikizidwe kunyanja, ndipo wophika apereke icing wapadera pang'ono m'kathumba wokonzera pamene pakhudzika. Minibasi ndi kabaza si za keke yopakidwa zofewa.

Pa gulu lonse pasankhidwe munthu mmodzi woyang'anira keke, amene alibe ntchito ina pa tsikulo. Iyeyo akafika aipereke m'manja mwa woyang'anira khitchini, bokosi litalembedwa dzina la phwando ndi ola lodulira, chifukwa Loweruka limodzi firiji imodzi imatha kusunga makeke a maphwando angapo. Ogona m'koteji afunse ngati pali jenereta kapena magetsi a dzuwa, popeza magetsi akazima firiji imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi anayi okha, ndiponso pokhapokha chitseko chake chisatsekulidwetsekulidwe. Firiji imene mwasungidwa chambo chachiwisi imapatsira keke fungo, choncho bokosi likulungidwe bwino.

Tebulo la keke likhale pamthunzi umene udzakhalepobe nthawi yodula, osati wa m'mawa wokha. Nyerere zimaletsedwa poika miyendo ya tebulo m'tizitini ta madzi, ndipo m'malo ena a m'mbali mwa nyanjayi muli apusi ndi anyani ozolowera anthu omwe sachita manyazi ndi chakudya chosiyidwa chokha. Keke ituluke mphindi 20 kapena 30 isanadulidwe. Mwambo ukachedwa, monga imachitira miyambo yathu yambiri, woyang'anira mwambo auzidwe kuti zolankhula za akuluakulu zitha kudikira ndipo kudula keke kubwere patsogolo.